Nyundo ya pamsika ndi makina a kufakitale: ndani amakankha mnzake kuganiza zatsopano?

Mbaula yachitsulo imene mabanja ambiri a m'tauni amaphikira ilibe dzina la kampani pambali pake. Amaikhoma ndi amisiri a m'misika ngati ya ku Ndirande ndi ku Mchesi, ndi nyundo, tchizulo ndi lumo lodulira malata, kuchokera ku migolo yakale ndi zidutswa za magalimoto akufa. Mmisiri wotere bizinesi yake sanailembetse ku boma, alibe mabuku owerengera ndalama, ndipo mukamufunsa lisiti akhoza kungokusekani. Komabe mbaula yake imapsetsa nsima, ndipo mtengo wake ndi woti pafupifupi aliyense aukwanitsa.

Tsono tiyerekeze kuti mwamaliza sukulu, mwapeza mpamba, mwatsegula fakitale yopanga mbaula. Kampani mwalembetsa, makina odulira zitsulo mwagula, antchito mwalemba. Kodi amisiri a pamsika aja adzakukakamizani kuganiza mozama mpaka mupange mbaula yoposa yawo? Kapena adzakulandani makasitomala mpaka musowe ndi ndalama yomwe yoyesera chinthu chatsopano? Akatswiri a zachuma akhala akukangana pa funso limeneli kwa zaka zambiri. Ndasankha mbaula dala, chifukwa pa mbaula theka la yankho tikhoza kuliwerengera ndi Physics yomweyi ya m'kalasi.

Mpikisano wa anthu osenza mitolo yosiyana

Kampani yolembetsedwa kuno kwathu imapereka ku MRA msonkho wa 30 peresenti pa phindu lake. Imasonkhera antchito ndalama ya penshoni, siiloledwa kuwalipira pansi pa malipiro amene boma linakhazikitsa, ndipo katundu wambiri wa kufakitale amayenera kudutsa m'manja mwa a Malawi Bureau of Standards asanapite pamsika. Zonsezi ndi ndalama, ndipo zimakathera pa mtengo wa katundu. Mmisiri wa pamsika amangodula tikiti ya khonsolo basi, tsiku latha. Musaganize kuti iye zake zili myaa: banki siingamupatse ngongole, makina alibe, ndipo mvula ikagwa ntchito yaima. Koma pa nkhani ya mtengo wa mbaula imodzi, fakitale siingamugwetse.

Mabizinesi osalembetsawa pa Chingerezi amawatchula kuti informal sector. Dzinali linatchuka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, kuchokera pa kafukufuku wa Keith Hart mumzinda wa Accra ku Ghana komanso lipoti la bungwe la ILO lokhudza dziko la Kenya la mu 1972. Anthu a ku Kenya eni ake ali ndi dzina labwino kuposa pamenepa. Amati jua kali, kutanthauza dzuwa loswa mtengo, chifukwa amisiriwa amagwira ntchito pamtetete. Ku Kamukunji mumzinda wa Nairobi kuli amisiri osula zitsulo ambirimbiri malo amodzi, moti mu 1985 pulezidenti Daniel arap Moi atawayendera analamula kuti awamangire mashedi. Nkhani yathu yambiri ichitikira ku Kenya komweko, chifukwa kumeneko mbaula yadutsa m'magawo onse a mpikisano umenewu, ndipo anthu anayeza n'kulemba zotsatira zake.

Kodi makala athu amathera kuti?

Tiyambe tawerengera. Tikufuna kuwiritsa madzi okwana malita 5, amene ndi 5 kg, kuchoka pa 25 °C kufika pa 100 °C. Mukukumbukira kuti Q = mcΔT, ndipo c ya madzi ndi 4200 J/kg°C. Ndiye 5 × 4200 × 75 = 1,575,000 J. (Anzathu a ku Mzuzu ndi ku Dedza madzi anu amawira asanafike pa 100, cha m'ma 95 kapena 96, chifukwa muli pamtunda. Kusiyanako n'kochepa, tikusiye.) Kilogalamu imodzi ya makala abwino imasunga mphamvu pafupifupi 29,000,000 J. Mukagawa, mupeza kuti magalamu 54 okha a makala, odzaza dzanja limodzi, ali ndi mphamvu yokwanira kuwiritsa madzi onsewo.

Aliyense amene anaphikapo akudziwa kuti dzanja limodzi la makala silingawiritse malita 5. Mbaula yachitsulo wamba imapereka ku poto pafupifupi 20 peresenti yokha ya mphamvu ya makala, nthawi zina osafika n'komwe. Choncho m'malo mwa magalamu 54 mufunika pafupifupi 270. Mwa matumba asanu a makala amene banja lagula, limodzi lokha ndi limene laphika chakudya. Anayi enawo atenthetsa khonde.

Njira zimene kutenthaku kumathawira ndi zitatu zomwe zija. Chitsulo chimadutsitsa kutentha mosavuta kwambiri: conductivity yake ndi cha m'ma 50 W/mK, pamene ya dongo lowotcha ndi pafupifupi 1 W/mK. Ndiye khoma la mbaula limayamwa kutentha kwa makala n'kukupereka kunja, ndiye conduction imeneyo. Khoma lotenthalo limawalitsa kutentha mbali zonse, n'chifukwa chake miyendo imatentha mukakhala pafupi, ndiye radiation. Kenaka mpweya wozizira umalowa wochuluka kudzera pakhomo la mbaula, umatenthedwa, n'kuthawira m'mbali mwa poto usanamupatse kalikonse, ndiye convection. Gwirani mfundo imeneyi: m'mbaula yotchipa ija muli 80 peresenti yotayika, ndipo mpata wonse wa munthu wofuna kupanga chinthu chatsopano uli mmenemo.

Dongo linalowa mkati, amisiri n'kukopera

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, akatswiri a ku Kenya mothandizana ndi mabungwe anatengera nzeru ya mbaula ina ya ku Thailand yooneka ngati ndowa, n'kupanga imene ikudziwika kuti Kenya Ceramic Jiko. Jiko ndi mbaula pa Chiswahili. Kunja ndi chitsulo chomwe chija, chopyapyala m'chiuno ngati mtondo, koma mkati muli mbale ya dongo lowotcha yobowolabowola pansi, yomatidwa ndi simenti yosakaniza ndi mwala wina wopepuka wotchedwa vermiculite. Dongo lija limatsekera kutentha mkati. Zotsatira zake, mphamvu yofika ku poto inakwera kufika cha m'ma 30 peresenti. Pa madzi athu aja, ndiye kuti magalamu 180 m'malo mwa 270. Mbaula za mtundu umenewu munazionapo, zafika mpaka m'misika ya kuno kwathu, komanso ku Tanzania, Uganda, Ethiopia ndi Senegal.

Inafalikira chonchi chifukwa anaipanga dala kuti mmisiri wa jua kali athe kuikhoma ndi zida zimene ali nazo kale. Woumba mbiya amapanga mbale ya dongo, wosula amapanga chitsulo, wina amalumikiza. Amisiri atachuluka, mtengo unatsika, anthu ambiri n'kugula. Mpaka apa zinthu zinayenda bwino.

Koma mpikisano wa mtengo sunaimire pamenepo. Wogula pamsika sangaone ndi maso ngati dongo linawotchedwa mokwanira, kapena ngati kuseri kwake kuli vermiculite kapena mchenga wamba. Chimene amaona ndi mtengo. Ndiye ena anayamba kugwiritsa ntchito malata opyapyala, dongo losapsa bwino limene limang'aluka pakangotha miyezi yochepa, ndi zomatira zosatsekereza kutentha. Wopanga mbaula yabwino anapezeka kuti akugulitsa modula chinthu chooneka chimodzimodzi ndi cha mnzake wachinyengo.

Apa ndi pamene pagona vuto loyamba la fakitale. Kuyesa chinthu chatsopano kumadya ndalama: kulipira injiniya, kuumba ndi kuswa mbaula zambirimbiri, kuyeza ndi thermometer ndi sikelo kwa miyezi. Ndalama imeneyi imabwerera pokhapokha ngati mugulitsa chinthucho kwa kanthawi anzanu asanachikopere. Ngati chinthu chanu n'chotheka kuchikhoma ndi nyundo, sabata ziwiri sizitha musanachione pamsika pa theka la mtengo wanu. Mwina mukuti, nanga si pali patent, chikalata choletsa ena kukopera? Chilipo. Koma mukasumira ndani? Anthu mazana opanda adiresi, opanda dzina la kampani, amene katundu wawo yense ndi nyundo ndi benchi? Mwini fakitale akawerengera zimenezi, nthawi zambiri amangoti bola kusiya zoyesayesazo.

Kuthawira kumene nyundo siingafike

Pali njira ina. Cha m'ma 2013 kampani ya BURN, imene anaiyambitsa ndi Peter Scott, inayamba kugulitsa ku Kenya mbaula yamakala yotchedwa Jikokoa, ndipo fakitale yake ili ku Ruiru kufupi ndi Nairobi. Kampaniyi inapeza msika wodzaza kale ndi mbaula za jua kali za madola ochepa chabe. Sinayese n'komwe kutchipitsa kuposa iwo. Inapita ku 80 peresenti yotayika ija.

Malo oyakira makala anawapanga ndi chitsulo chosachita dzimbiri chimene chimapirira moto kwa nthawi yaitali. Kuzungulira pamenepo anaika ceramic wool, chinthu chonga thonje koma chosapsa, chimene chimatsekereza kutentha kuposa dongo chifukwa mkati mwake mwadzaza timipata ta mpweya wosayenda, ndipo mpweya wosayenda sudutsitsa kutentha kwenikweni. Pansi pali kabati ka phulusa kamene mumakoka kapena kukankha kuti muchepetse kapena kuonjezera mpweya wolowa. Mpata wa pakati pa poto ndi mbaula nawonso unayezedwa, kuti mpweya wotentha uzikhudza poto usanathawe. Chilichonse mwa zimenezi chimafuna zipangizo zosapezeka pa mulu wa zitsulo zakale, komanso makina odula mofanana ndendende mbaula iliyonse. Mmisiri akhoza kukopera maonekedwe ndi penti, koma osati zamkatizo.

Onani mmene mpikisano wagwirira ntchito apa. Sunangokankha fakitale kuti ipange chatsopano, unaisankhiranso mbali yolowera. Chatsopano chosavuta kukopera chinalibe phindu, ndiye kampani inalowera ku chovuta kukopera.

Kodi mbaulayo imapulumutsadi makala, kapena ndi mawu a otsatsa malonda? Akatswiri awiri a zachuma, Susanna Berkouwer ndi Joshua Dean, anachita kafukufuku pa mabanja 1,000 a ku Nairobi, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2022. Mabanja amene analandira Jikokoa anachepetsa ndalama yogulira makala ndi 39 peresenti. Pa zaka ziwiri zimene mbaulayo imakhala, ndiye kuti banja limapulumutsa madola 237, pamene m'sitolo inkagulidwa pa madola 40. Masamu ake ndi osavuta: miyezi inayi kapena isanu ndalama yanu yabwerera, kwinako ndi phindu.

Tsono imvani ichi. Atawafunsa anthu omwewo, mwa njira yoti anene zoona chifukwa ankagula zenizeni, anapeza kuti ndalama imene anali okonzeka kupereka inali madola 12 okha. Ofufuzawo anaganiza kuti mwina anthu sakuzindikira kuchuluka kwa zimene angapulumutse, ndiye anawathandiza kuwerengera. Sizinasinthe kanthu. Koma atawapatsa mwayi wolipira pang'onopang'ono, ndalama imene anali okonzeka kupereka inakwera kuposa kawiri. Anthu aja masamu ankawadziwa. Chimene analibe ndi madola 40 pa tsiku limodzi. Munthu amene amagula makala a kapulasitiki kamodzi madzulo alionse sangasunge ndalama ya mbaula yodula, ngakhale akudziwa kuti yotchipayo ikumudyera ndalama tsiku ndi tsiku.

Kwa ine apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yonseyi. Chimene mmisiri wa pamsika amaposa nacho fakitale si luso la zitsulo ayi. Ndi chakuti mtengo wake ukugwirizana ndi ndalama imene ili m'thumba la wogula lero. Choncho fakitale imakakamizika kutulukira zatsopano kachiwiri, ulendo uno osati pa chitsulo koma pa kagulitsidwe: ngongole zolipira pa foni, chitsimikizo chokonzerani mbaula ikawonongeka, komanso ndalama za carbon credit, zimene makampani a kunja amalipira chifukwa cha utsi umene wapewedwa, zomwe zimatsitsa mtengo wa mbaula m'sitolo. Zomwezi mumaziona pa katundu wina. Mavenda atazolowetsa anthu kugula mafuta ophikira a m'timachubu ndi shuga wa pa sipuni, mafakitale nawo anayamba kulongedza sopo waufa ndi majarini m'timapaketi ting'onoting'ono.

Mphira ya legeni

Mbaula ndi chitsanzo chimodzi, ndipo mu sayansi chitsanzo chimodzi sichikwanira. Nanga tikaona mafakitale zikwizikwi pamodzi?

Kale panali maganizo awiri otsutsana. Joseph Schumpeter, m'buku lake la mu 1942, ankati makampani akuluakulu opeza phindu lochuluka ndi amene amakhala ndi mphamvu yoyesa zatsopano. Kenneth Arrow mu 1962 anati ayi, kampani yopanda opikisana nayo ilibe chifukwa chodzivutitsira. Mu 2005 Philippe Aghion, Peter Howitt ndi anzawo atatu anaunika makampani a ku Britain n'kupeza kuti onse awiri ankanena zoona, koma aliyense mbali yake. Mukajambula girafu, mpikisano pa x-axis, zatsopano pa y-axis, mzere umakwera, umafika pansonga, kenaka umatsika, ngati chilembo cha U chozondoka. Aghion ndi Howitt ndi omwe aja analandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2025 pamodzi ndi Joel Mokyr.

Ganizirani legeni. Mukakoka mphira pang'ono, mwala umagwera pamapazi panu. Mukakoka kwambiri, umapita kutali. Koma mphira ili ndi malire ake, elastic limit ija ya pa mutu wa Hooke's Law. Mukapitirira pamenepo imatamuka osabwereranso, kenaka imaduka, mwala osapita kulikonse. Kampani yopanda woikoka imagona. Yokokedwa mwa muyeso imathamanga. Yokokedwa mopyola, phindu lake lonse litapita, imachotsa ntchito injiniya poyamba chifukwa ndi amene sabweretsa ndalama mwezi womwewo.

Kafukufuku wa ku Britain uja ankaona makampani olembetsedwa okhaokha. Za osalembetsa timazidziwa kudzera m'mafunso amene World Bank imafunsa eni mafakitale m'mayiko ambiri, kuphatikizapo Malawi, otchedwa Enterprise Surveys. Mwa mafunsowo muli lakuti kodi mumapikisana ndi mabizinesi osalembetsa, ndipo amakusokonezani motani, komanso lakuti kodi mwatulutsa katundu watsopano kapena njira yatsopano yopangira katundu m'zaka zapitazi. Mu 2017 Pedro Mendi ndi Rodrigo Costamagna anatenga mayankho a mayiko a mu Africa ndi Latin America, n'kupeza U wozondoka yemwe uja. Chochititsa chidwi n'chakuti chithunzichi sichinasinthe ngakhale atachotsera chiwerengero cha opikisana nawo. Ndiye kuti osalembetsa khumi sali ngati olembetsa khumi. Amakoka mphira mwa mtundu wina.

Chenjezo limodzi, poti ndinu ophunzira sayansi. Zinthu ziwiri zikamayendera limodzi sindiye kuti china chikuyambitsa chinzake. Mwina amisiri a pamsika ndi amene amakankha fakitale kupanga zatsopano. Koma mwinanso fakitale yopanga zatsopano ndi imene imakopa okopera, ndiye mwini wake akafunsidwa amadandaula kwambiri za iwo. Muvi ukhoza kuloza uku kapena uko. M'labu timagwira zinthu zina zonse kuti zisasinthe n'kusintha chimodzi. Ndi mafakitale a dziko lonse zimenezo sizitheka, n'chifukwa chake kafukufuku wonga wa ku Nairobi uja, amene anagawa mabanja mwamaere, ndimamukhulupirira kwambiri kuposa mafunso a pa pepala.

Nanga kwathu kuno?

Mabanja oposa 90 mwa 100 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo mapiri ometeka amene mumawaona m'mbali mwa msewu wa M1 ndi mbali ya mtengo umene tikulipira. Choncho 80 peresenti yotayika ija si nkhani ya pa mayeso chabe. Mu 2013 boma linalengeza cholinga chofalitsa mbaula zosawononga nkhuni zokwana 2 miliyoni pofika 2020, ndipo imene inanyamula gawo lalikulu la ntchitoyi ndi Chitetezo Mbaula, ya dongo lowotcha, youmbidwa ndi magulu a m'midzi, ambiri mwa iwo amayi. Imeneyi inatsata njira ya Kenya Ceramic Jiko: m'malo mothawa okopera, inawapatsa chikombole ndi maphunziro. Kumudzi kumene nkhuni anthu amatola osagula, mbaula ya madola 40 ikanagulidwa ndi ndani?

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amati kuti mafakitale athu akule, tingothamangitsa amisiri a m'misika. Mukawachotsa, wogula uja ndalama yake siichuluka. Amangobwerera pa mafuwa atatu, ndipo fakitale imatsala yopanda woikoka. Zimene zinaoneka kuti zikugwira ntchito ndi ziwiri: njira yoti wogula adziwe mbaula yabwino asanaigule, monga chizindikiro cha kuyezedwa chimene anthu amachikhulupirira, ndi njira yoti alipire pang'onopang'ono. Zonse ziwiri zimathandiza fakitale komanso mmisiri woona mtima amene amawotcha dongo lake mokwanira.

Kuyeza kumeneku mukhoza kukuchita nokha ku kalabu ya sayansi. Pezani mbaula yachitsulo ndi ina ya dongo mkati, mapoto awiri ofanana, sikelo ya kukhitchini ndi thermometer. Muike makala olemera mofanana a m'thumba limodzi, madzi malita 2 m'poto aliyense, ndi zivundikiro. Lembani kutentha kwa madzi poyamba. Akangowira, phulani poto, tsanulirani makala otsala m'chitini chokhala ndi chotsekera kuti azime, ndipo akazizira muwayeze osaphatikiza phulusa. Q = mcΔT ikupatsani mphamvu yolowa m'madzi. Kulemera kwa makala amene apsa, m'makilogalamu, kuchulukitsa ndi 29,000,000 kukupatsani mphamvu yotuluka m'makala. Gawani yoyamba ndi yachiwiri, chulukitsani ndi 100. Chitirani panja pamthunzi pomwe palibe mphepo yambiri, osati m'chipinda chotseka, chifukwa makala amatulutsa carbon monoxide, mpweya wakupha umene ulibe fungo. Bwerezani katatu pa mbaula iliyonse, kenaka mufunse pamsika mtengo wa mbaula zonse ziwiri ndi wa makala, muwerengere kuti yodulayo imabweza ndalama yake pakatha masiku angati.